Agogo a m'mabuku athu sadwala msana

Pali nthano imodzi imene alembi athu amaikonda kwambiri, moti aliyense amene amawerenga nkhani za m'manyuzipepala a kumapeto kwa sabata, kapena kumvera masewero a pa wailesi, angathe kuifotokoza yekha asanaimve. Mwana wa m'tauni walowerera: wayamba mwano, sukulu sakuifuna, mwina wayambanso kusuta. Makolo ake atasowa naye chochita amukweza basi kupita kumudzi kwa agogo. Kumeneko apeza nkhalamba ziwiri zokhala mwamtendere, agogo aamuna ali pa mpando wa ndalema pansi pa mtengo wa mango, agogo aakazi akupeta mphale pakhonde, ndipo pakamwa pawo pakutuluka miyambi yokhayokha. Mwanayo agwira khasu milungu ingapo, manja achita matuza, amva kuti mawu a akulu akoma akagonera, kenaka abwerera ku Lilongwe kapena ku Blantyre ali munthu wina. Nkhani yathera pomwepo, agogo aja atsala pabwalo akumwetulira, osadandaula, osapempha kanthu, ngati kuti ntchito imene anabadwira inali yowongola zidzukulu za m'tauni.

Mutu wa nkhaniyo sindikuunyoza ayi. Banja, ukalamba ndi munda ndizo zinthu zimene zagwira moyo wa Amalawi ambiri, pakuti kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo ngakhale ife amene tili m'tauni, thumba la chimanga limene lili kuseri kwa chitseko nthawi zambiri linachokera m'munda wa munthu wokalamba amene timamutchula kuti amayi kapena agogo. Ngati pali nthano yaitali imene Chichewa chikuisowa, ndi imeneyi ndithu. Chimene ndikukana ndi agogo a m'mabuku amene sadwala msana, sakwiya, sakongola ndalama, salakwa, ndipo alibe mbiri yawoyawo kupatula kudikira mdzukulu woti amulangize. Agogo otere tawasandutsa nkhokwe imene timangotapamo nzeru tikasowa, popanda wofunsa kuti ikayamba kudontha adzaifolere ndani. Mlembi amene akufuna kulemba za agogo ndi munda ayambe wavomereza kuti munthu wa zaka 75 ndi mpangankhani wathunthu, wokhala ndi zofuna zake, mantha ake ndi machimo ake, ndipo kuti nkhaniyo mwini wake ndi iyeyo, mlendo wochokera m'tauni uja ndi wongodutsa.

Chizolowezi cholemba nthano yolangiza chili ndi kumene chinachokera. Mabuku oyambirira a m'chinenero chathu anatuluka m'manja mwa mamishoni, ndipo olemba ake ambiri anali aphunzitsi. Samuel Josia Ntara, amene buku lake la Nthondo linatuluka mu 1933, anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, ndipo owerenga amene ankayembekezeka nthawi imeneyo anali ana a sukulu ndi akhristu. Ulamuliro wa chipani chimodzi utakhazikika, lamulo la 1968 linabweretsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi zisudzo, kotero kuti mlembi wochenjera anaphunzira kulemba za mudzi wopanda ndale, wopanda makadi a chipani, wopanda njala, momwe vuto lalikulu linali mwana wosamva. Lero palibe amene angamangidwe chifukwa cholemba kuti mudzi uli pa njala, koma msika walowa m'malo mwa mantha aja. Wosindikiza amadziwa kuti buku la Chichewa limayenda malonda likasankhidwa kuti lilowe m'kalasi ndi kufunsidwa pa mayeso a MANEB, ndipo mlembi naye amalemba ali ndi funso la mayeso m'mutu, lija loti tchulani maphunziro atatu amene tikupeza m'nthanoyi. Nthano ikalembedwa kuti iyankhe funso limenelo, agogo sangachitire mwina koma kukhala aphunzitsi opanda choko.

Tiyambe ndi thupi, chifukwa ulimi wa khasu ndi ntchito ya thupi, ndipo ukalamba umayambira m'thupi momwemo. Chaka cha mlimi sichinyengerera munthu. Kusosa ndi kugalauza kumachitika dzuwa la Seputembala ndi Okutobala likuswa mtengo, nthaka itauma gwa. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala, kubzala kumafunika kuthe m'masiku ochepa. Kenaka kupalira, kuthira feteleza, kubandira, zonsezi m'miyezi imene chakudya chatha m'nyumba ndipo malungo ali ponseponse. Agogo aakazi amene kale ankamaliza mizere yawo dzuwa lisanatenthe, tsopano amaima pakati pa mzere wachitatu, dzanja lina pa mpini, lina m'chiuno, n'kumayang'ana udzu umene ukukula mofulumira kuposa mphamvu zawo. Amadziwa bwino lomwe kuti akachedwa kupalira ndi sabata imodzi chimanga chichita chikasu, koma kudziwako sikuwathandiza kanthu, kumangowawonjezera nkhawa. Akafuna waganyu ayenera kumulipira ndi chimanga chomwecho chimene chikuchepa, kapena kugulitsa mbuzi imene anaisungira tsiku la mavuto. Dzina lawo likatuluka pa ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo, imene inayamba mu 2005 n'kusinthidwa dzina mu 2020, ayenera kulawirira usiku ndi chiphaso cha unzika chomangidwa kunsonga ya chitenje, kukaima pamzere umodzi ndi anyamata amphamvu, ndipo thumba la makilogalamu 50 likapezeka, pamafunikanso wolinyamula amene naye afuna yake. Pamenepa pali nkhani yokwana mitu khumi, koma m'mabuku athu munda umangotchulidwa ngati malo amene mwana wa m'tauni amakachitirako matuza.

Maphunziro enieni a kumunda kawirikawiri saperekedwa ndi pakamwa. Amene anakulira kwa agogo akudziwa kuti nkhalamba sizikonda kufotokoza. Zimangochita, iwe n'kumaonerera, ukalakwitsa n'kukulanda khasu m'manja popanda mawu. Taonani agogo aakazi posankha mbewu akangomaliza kukolola. Amatembenuza chimanga chimodzichimodzi, kuyang'ana ngati makoko anatseka bwino kunsonga kuti anankafumbwe asalowe, kukanda njere ndi chikhadabo kuti amve kulimba kwake, kenaka chosankhikacho amachimanga chiwirichiwiri n'kuchipachika pamwamba pa moto kuti utsi ndi mwaye zichikute. Nthawi yobzala ikayandikira, potonola amasiya njere za kunsonga ndi za kutsinde n'kutenga za pakati zokha. Palibe mwambi umene umanenedwa pamenepo, koma mwana amene waona zimenezi zaka zingapo, amene waonanso kuti mu Febuluwale banja linagona ndi njala chimanga chija chili chipachikire chaka chathacho osakhudzidwa, waphunzira chinthu chimene palibe mphunzitsi akanamuuza. Chimodzimodzinso pofutsa ndiwo: nkhwani ndi khwanya zimathyoledwa zikadali zanthete, kufutsidwa pang'ono, kuyanikidwa pamphasa, n'kukulungidwa m'chikwatu cha masamba a msuku kuti zidzadyedwe mu Okutobala kukauma. Mlembi amene walemba zimenezi mosamala safunikanso kuwonjezera chiganizo chonena kuti tiyenera kuganizira za mawa. Akachiwonjezera ndiye kuti sakukhulupirira zimene walemba, ndipo wowerenga wamuyesa mwana.

Komatu nzeru za kumunda nazo zimakalamba, ndipo apa ndi pamene alembi athu amagwa mphwayi. Agogo anaphunzira kulima nthawi imene mvula inkasunga pangano, chizimalupsa n'kubwera kuzimitsa moto wa kutchire, yobzalira n'kutsatira pa nthawi yodziwika. Masiku ano mvula imatha kuyamba, anthu n'kubzala, iyo n'kudula milungu itatu mmera n'kupserera. Kapena imabwera yonse pakamodzi monga zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, amene anakokolola minda ndi midzi yomwe ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Mtundu watsopano wa ntchemberezandonda umene unafika m'dziko muno cha mu 2016 ndi 2017 sunali m'maphunziro amene agogo analandira kwa makolo awo. Choncho mkangano wa chimanga cha makolo ndi cha makono, umene uli pafupifupi m'banja lililonse lolima, ulibe wolakwa woonekeratu. Agogo akamakakamira mbewu yawo ali ndi zifukwa zomveka: ndi yolimba, imakonoka bwino osanyenyeka, siifumbwa msanga m'nkhokwe, ndipo sachita kugula chaka ndi chaka. Mdzukulu amene wamva kwa alangizi naye ali ndi zake: mbewu ya makono imacha mvula isanadule, ndipo pamalo ochepa imabereka zambiri ikapeza feteleza. Chaka china chidzakomera uyu, china uyo. Nthano yaitali imagwira mtima pamene anthu awiri okondana akutsutsana pa chinthu chimene chiweruze ngati banja lidye kapena ligone ndi njala, ndipo imazizira pamene wina ali ndi mayankho onse, mnzakeyo ntchito yake n'kungovomera.

Chinthu chachikulu chimene nthano zathu zimachizemba ndi umwini wa mundawo. Kalembera wa 1966 anawerenga anthu pafupifupi 4 miliyoni, wa 2018 anapeza 17.5 miliyoni, pomwe dziko silinakule ndi phazi limodzi lomwe. Munda umene agogo anatsegula ali achinyamata, atapatsidwa ndi nyakwawa n'kugwetsa mitengo okha, wagawidwa kwa ana, ana agawiranso ana awo, moti mabanja ambiri lero akulima malo osakwana hekitala imodzi. Kagawo kamene nkhalamba yadzisungira ndi chuma chimene maso a mbumba yonse ali pomwepo. Pali mwana wamkazi amene wakhala pamudzi zaka zonsezi, kuwatungira madzi ndi kuwachapira, ndipo akuona kuti mundawo ndi wake. Pali mlongo wake wa m'tauni amene amatumiza ndalama ya feteleza pa foni, ndipo akuona kuti ndalamayo yamugulira mawu. Pali mdzukulu amene akufuna ndalama ya pasipoti ndi basi ya ku Joni, ndipo wamva kuti bwana wina wa ku Lilongwe akugula malo m'mbali mwa msewu. Aliyense mwa amenewa amawakonda agogo moona, ndipo aliyense amadziwa mumtima, ngakhale sangatulutse pakamwa, kuti zinthu zidzamupepukira tsiku limene agogowo adzatsikire kulichete. Mlembi amene angathe kusunga zinthu ziwirizi mumtima wa munthu mmodzi, chikondi ndi kudikirako, osamusandutsa munthuyo chilombo, ndiye amene walemba za banja.

M'madera a chikamwini, pakati pa Achewa, Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao, muli mpangankhani wina amene akudikira mlembi wake, ndiye agogo aamuna amene akazi awo atsogola. Bambo amenewa anabwera pamudzipo ali mnyamata, anamanga nyumba, anabzala mango ndi nthochi, anakumba chitsime kudimba, analera ana ndi zidzukulu, koma nthaka imene athirapo thukuta zaka 50 ndi ya mbumba ya akazi awo. Maliro akatha, mwambo wa kusudzula ukachitika, amamasulidwa kuti angathe kubwerera kwawo, kumudzi kumene ambiri amene ankawadziwa anamwalira ndipo minda inagawidwa kale. N'zoona kuti mabanja ambiri amawasunga pamudzi pomwepo, koma amakhala mwa chifundo cha eni, ndipo mawu omaliza ali ndi mwini mbumba, amalume a ana awo. Kumpoto, kwa Atumbuka ndi Angonde kumene mkazi amalowoledwa, mtolo womwewo umatembenuka n'kugwera agogo aakazi amasiye. Pamwamba pa miyambo imeneyi pabwera lamulo la malo a makolo la 2016, limene linatsegula njira yolembetsa minda m'kaundula, ndipo funso loti papepalapo palembedwe dzina la yani lingathe kugawa anthu amene akhala akudyera mbale imodzi chibadwire. Wolemba safunika kupeka mfiti kapena chigawenga kuti nkhani yake itenthe, pakuti tsiku limodzi loyenda m'malire a munda, nyakwawa ili patsogolo, ana ndi zidzukulu akutsatira, nkhalamba ikuloza chulu ndi chitsa chimene ena akuti sichinali pamenepo, ndi lokwanira.

Chithunzi cha mdzukulu wobwera kudzacheza pa tchuthi chimabisanso mbiri imene dziko lino linadutsamo posachedwapa. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, Edzi inatenga anthu a msinkhu wapakati, omwe anayenera kusamala makolo awo. Nkhalamba zambiri zinaika m'manda ana awo motsatizana, n'kubwerera kunyumba kukapeza zidzukulu zikudikira phala. Ana amenewo sanali alendo a milungu iwiri. Agogo anasanduka mayi, bambo, wogula yunifolomu, wothamanga ndi mwana kuchipatala usiku, pa msinkhu umene iwo anayenera kumaothera dzuwa. Pamene boma linkayamba Mtukula Pakhomo ku Mchinji mu 2006, mabanja amene linkawafuna anali ovutikitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa iwo anali a mtundu umenewu. Ana oleredwa ndi agogo aja lero ndi akuluakulu, ena ndi aphunzitsi, ena anamwino, ena oyendetsa kabaza, ndipo ena ndiwo alembi athu atsopano. Iwowa amadziwa kuti chikondi cha agogo chinali ndi mkwiyo mkati mwake, kuti panali masiku amene nkhalamba inkadzudzula mwana wake womwalira chifukwa choisiyira katundu, kenaka n'kulowa m'nyumba kukalira. Zimandidabwitsa kuti akakhala pansi kuti alembe, amasiya agogo amene anawalera n'kulemba agogo a m'buku la kupulayimale. Katunduyo sanathenso, chifukwa masiku ano ana akusiyidwa kumudzi ndi makolo amoyo amene apita kukasaka ntchito ku Johannesburg ndi Cape Town, ndipo agogo amayenda mpaka pachulu pamene pamagwira netiweki kuti akumbutse mwana wawo kuti sopo watha.

Tifike tsopano pa chinthu chochititsa manyazi. Mtundu womwewu umene umati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto ndi womwenso umagenda nkhalamba zake. Mu Januwale 2016 anthu anayi okalamba anaphedwa m'boma la Neno atawanamizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina, ndipo kuchokera nthawi imeneyo bungwe loyankhulira anthu okalamba la MANEPO lakhala likudandaula chaka ndi chaka za nkhanza za mtundu womwewo. Lamulo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti lilipo, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lina loteteza anthu okalamba. Malamulo angathe kulanga, koma sangafotokoze mmene mdzukulu amene anagonapo kumsana kwa agogo amafikira potola mwala. Imeneyo ndi ntchito ya nthano yaitali, chifukwa ndiyo ili ndi malo oyendera pang'onopang'ono. Ingathe kutionetsa mmene agogo amayambira kuiwala mayina a ana awo, kuthira mchere kawiri m'ndiwo, kutuluka usiku kufunafuna mwana amene anamwalira kalekale, mpaka m'mawa wina anthu awapeza kuseri kwa nyumba ya eni ali mbulanda, osadziwa njira ya kwawo, ndipo m'malo monena kuti ubongo wawo wadwala, mudzi ukuti agwa pa lichero. Ingathenso kutionetsa kuti mphekesera za ufiti zimakula msanga pamene pali munda wokanganirana. Wowerenga amene wayenda ndi agogo amenewo kuyambira tsamba loyamba, amene akudziwa mmene ankasankhira mbewu ndi mmene analerera ana amasiye, sangaimve nkhaniyo monga amamvera pa nkhani za pa wailesi n'kuiwala madzulo omwewo.

Ndipo agogo sanabadwe ali agogo. Munthu amene anabadwa cha m'ma 1940 anaona njala ya 1949 ali mwana, anaona anthu akulipitsidwa ndi kumangidwa chifukwa cha malamulo a malimidwe a atsamunda, anaimba nawo nyimbo zokana chitaganya, ndipo pa 14 Juni 1993 anaima pamzere kusankha pakati pa nyali ya zipani zambiri ndi tambala wakuda wa chipani chimodzi. Agogo aamuna mwina anakwera ndege ya Wenela kupita kumigodi ya ku South Africa, ulendo umene Kamuzu Banda anauimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Mwina anakatchona ku Harare zaka khumi, n'kusiyako mkazi ndi ana amene banja lino silikuwadziwa, agogo aakazi kuno akulima okha ndi mwana kumsana, ndipo ukwati umene mdzukulu akuuona ngati wamtendere unamangidwa pa zinthu zimene awiriwo anagwirizana kuti asadzazitchulenso. Mwinanso ndi agogo aamuna omwewo amene ankaima pachipata cha msika atavala malaya ofiira, kubweza amayi opanda khadi la chipani, ndipo mmodzi mwa amayiwo lero amapemphera nawo tchalitchi chimodzi, amapatsana moni, aliyense akukumbukira. Munthu wotere akamalangiza mdzukulu za kukhululuka kapena za kukhala pakhomo, mawu ake amalemera chifukwa wowerenga akudziwa kumene achokera.

Ndikudziwa zimene ena anganene. Adzati kulemba za agogo akukalipa, akuiwala, kapena ali ndi mbiri yochititsa manyazi n'kuwavula pagulu, ndipo mwambo wathu sulola. Adzatinso ana athu, amene akukulira pa foni, akufunika chitsanzo chabwino cha ulemu ndi khama. Mfundo yachiwiriyi ndikuimva, ndipo mabuku a ana aang'ono apitirize kugwira ntchito yawo, kungoti nthano yaitali si ya ana okha. Pa nkhani ya ulemu ndiye ndikutsutsa ndithu. Ulemu umene umafuna kuti munthu akhale wopanda banga kuti timulemekeze ndi womwewo umene umatha tsiku limene iye wayamba kudziwonongera pamphasa. Mwana amene anangowerenga za agogo anzeru ndi odekha, akakumana ndi agogo enieni amene akumufunsa funso limodzimodzilo kakhumi, amene akumunamizira kuti waba ndalama imene aibisa okha pansi pa mphasa, amasowa pogwira chifukwa buku silinamukonzekeretse. Kunena zoona, nthano yokoma ija imatithandiza ife a m'tauni kuposa mmene imawathandizira iwo, chifukwa imatiuza kuti kumudzi zonse zili bwino, kuti nkhalamba n'zokhutira ndi moyo wosalira zambiri, ndiponso kuti kandalama kamene tinatumiza pa Khirisimasi kakwana mpaka kukolola.

Izi sizikutanthauza kuti bukulo likhale maliro kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Pa chikhalidwe chathu mwana amaopa bambo ake ndi amalume ake, koma ndi agogo amaserewulana. Agogo aamuna amatchula mdzukulu wamkazi kuti mkazi wanga, ndipo agogo aakazi amaimitsa kamnyamata ka zaka zisanu n'kukafunsa kuti, "Amuna anga, chitenje chija munandilonjeza chili kuti?" Zimene mtsikana sangafunse mayi ake ankakafunsa kukuka, kumene ankagona ndi agogo, ndipo mayankho ake sankakhala a m'katekisimu. Nkhalamba zathu zambiri ndi zanthabwala, zina ndi za pakamwa pakuthwa, zimanyoza abusa, mfumu ndi phungu mofanana chifukwa zafika pa msinkhu wosaopa munthu. Chichewa chawo si cha m'kalasi, ndipo agogo a ku Dedza sayankhula ngati a ku Chikwawa kapena a ku Nkhotakota. Mwambi akaunena amaunena theka, kapena amaupotoza kuti ulase munthu amene wakhala pomwepo. Sauyala wonse n'kuumasulira ngati ali pa pologalamu ya pa wailesi. Mlembi amene wamvetsera bwino kayankhulidwe kameneka adzapeza kuti owerenga akuseka pa tsamba lomwelo limene likuwamvetsa chisoni, monga zimakhalira pa siwa.

Palinso nkhani ya pamene nthano yotere iyenera kuthera. Alembi ambiri amaithetsa pamphasa ya imfa, agogo atasonkhanitsa banja lonse, atagawa malangizo omaliza mwadongosolo, n'kutseka maso. Aliyense amene anakhalapo pa maliro a kumudzi akudziwa kuti anthu ambiri samwalira chomwecho, ndiponso kuti nkhani yeniyeni imayamba anthu akabalalika. Mbuzi zija zapita pa maliro, nkhokwe yatsika, a m'tauni akwera galimoto zawo, ndipo patsala funso la amene agone m'nyumbamo, amene atenge zidzukulu, amene abzale munda mvula ikagwa, ndi mbewu iti. Mitu iwiri kapena itatu ya pambuyo pa maliro ndiyo imene ingaonetse chimene agogo anasiya, chabwino ndi choipa chomwe, popanda mlembi kuimirira kuti alalikire.

Buku lotere mwina silingasankhidwe msanga kuti lilowe m'kalasi, ndipo wosindikiza angazengereze nalo chifukwa cha kutalika kwake ndi kukwera mtengo kwa mapepala. Koma mlembi wa lero sadikiranso chilolezo cha wosindikiza monga zinkakhalira kale. Nkhani za Chichewa zotuluka gawo ndi gawo pa Facebook ndi pa WhatsApp zili ndi owerenga ambiri amene amadikira gawo lotsatira usiku uliwonse, ngakhale kuti zambiri mwa izo zimangozungulira pa zibwenzi ndi mabwana a m'tauni. Ambiri mwa owerenga amenewa analeredwa ndi agogo, ena akusunga agogo m'nyumba zawo pakali pano, ndipo mlembi akalemba kuti banja linkabandira mu Juni, kapena kuti mkamwini anagawa munda wa akazi ake popanda kufunsa mwini mbumba, adzamugwira bodza m'ndemanga zawo gawolo lisanathe ola limodzi.